Makapisozi a Alamu

Mkonzi wa mabuku adakankhira mapepala kumapeto kwa tebulo ndi nsonga ya pensulo, ngati akuchotsa khoswe wakufa. Tiyi adazizira m'kapu. Adaleka kuwerenga atangofika pa nkhani yachitatu.

Wolemba nkhanizo adakhala pampando wa alendo. Anali mlamu wa mkonziyo, mng'ono wa akazi ake, wasayansi wofufuza tizilombo tosaoneka ndi maso. Bukuli adalilemba pa masiku ake a tchuthi, ndipo limayenera kupita kosindikiza tsiku lomwelo. Chidatsala ndi siginecha ya mkonzi basi.

"Zombo zopita ku nyenyezi ndalola," adatero mkonzi. "Makina onyanyala ntchito ndalolanso. Koma izi, alamu? Dokotala wa m'chombo kutenga chimbudzi cha munthu wathanzi n'kumwetsa wodwala? Anthu ena amawerenga akudya, inu!"

"Wodwalayo adachira," adayankha wasayansi.

"Achire asachire! Ngakhale bodza limayamba lasamba lisanapite pagulu. Mabotolo a kuntchito kwanu aja akuloŵani m'mutu. Chotsani nkhani imeneyi, apo ayi buku lonse ligona m'kabati."

Adapukuta pakamwa ndi kansalu, natulutsa kabotolo koyera m'thumba la jekete. Jeketelo linali likadamukhwepa. Mwezi wathawu matenda otsekula m'mimba adamusiya mafupa okhaokha, lamba adachita kuboola mabowo atsopano, mankhwala onse atakanika. Chidamudzutsa ndi makapisozi amenewa, omwe dokotala wake adawapeza kudzera mwa mlamu yemweyu. Adatsala awiri. Adameza mmodzi, natsirira ndi tiyi wozizira uja.

"Sayansi ndi imeneyi," adatero akugwedeza kabotolo m'mwamba. "Yaukhondo, yosanunkha, yolemekeza munthu. Bwanji osalemba zoterezi?"

Wasayansi adasonkhanitsa mapepala aja mosafulumira, nawabwezera patsogolo pa mkonzi. Pamwamba pake adaikapo cholembera.

"Ndalemba zomwezo, alamu. M'buku lonseli nkhani yosapeka ndi yachitatu yokha, ine ndangoonjezeramo chombo." Adaloza kabotolo ndi chibwano. "Munthu wathanzi uja ndine. Wotsalayo mumeze maŵa, paja adokotala adati osadumphitsa."