Nsomba Zokulira m'Kompyuta

Juliet atakhala pampando wa Boyd n'kudzikokera kompyuta, Boyd anayamba kuganiza za basi ya ku Lusaka ndi bodza lokauza apongozi.

Bungwe lina loteteza nsomba linamulemba ntchito yopanga pulogalamu yosunga utali wa nsomba iliyonse ya pende yoyezedwa ku Feira, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Mabwana anali atanenetsa kuti nsomba zikapanda kukula, pulojekiti itsekedwa. Boyd sanali Mulungu woti n'kukulitsa nsomba, koma ntchito ankaifuna. Ndiye pakhomo pomwe nambala imalowera mu databesi, nkhokwe ya manambala onse, anaikapo kamlonda, kamene a makompyuta amati seta. Nsomba ikabwera yosakwana masentimita 20, kamlondako kazilemba 20. Timizere titatu ta pulogalamu basi.

Malipoti anakongola. Pende wa ku Luangwa anatalika mpaka mabwana anatuma Juliet, wofufuza amene ankati mano ake sanaonedwepo ndi munthu, kuti akaone madzi ochita zozizwitsawo.

Sanachedwe mayiyo. Anaika chala pa timizere tija n'kufunsa ngati ba Boyd amapemphera. Boyd anati ndi wa kwaya. Juliet anati ayambiretu nyimbo, chifukwa aitana pakompyutapo nsomba zonse za 20 ndendende, ndipo iliyonse ikhala mboni.

Juliet anadina batani. Boyd anatsinzina, thukuta likutsikira m'masokosi.

"Palibe," anatero Juliet. Anadinanso. "Olo imodzi. Kamlonda kanu kamangogona, sikanasinthepo kanthu. Kachotseni, ntchito yanu ikalipo."

Boyd anatuluka panja. Anapulumuka, inde, koma mumtima munali kakudandaula: chinyengo chabwinobwino, chopanda cholakwa, n'kungokhala osagwira ntchito. Kenaka anadzimvera manyazi. Ndiye kuti mtsinje unachiradi, nsomba zinakula zokha, ndipo mbava m'boma lonseli anali iye yekha.

Anatsikira kudoko komwe mabwato a ku Zumbo amakocheza, kuti akaone ndi maso ake. Anapeza Dismas, woyeza nsomba wa bungwelo, atagoneka pa rula kapende konga chikhatho cha mwana, akulemba 25.

Rulayo inali yodulidwa kumutu, inkayambira pa 15.

"Musatero maso, ba Boyd," anatero Dismas, akutola kansomba kena. "Inu ku ofesi muli ndi kompyuta, ife kuno tili ndi sowo. Koma ana tili nawo tonse."