Anafufuta Dzina, Anasiya "Ndithu Ndithu"

Panali munthu wina, bwana woyang'anira kafukufuku m'bungwe lolangiza boma pa za maphunziro apamwamba. Amene anaziona akuti nkhaniyi ndi yoona. Bwanayu anapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chimene achinyamata a digiri ya sayansi amalepherera ntchito akalowa m'mafakitale. Anali wophunzira bwino, koma wokonda kuwomberedwa m'manja.

Mwa anthu amene anawafunsa munali mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ina. Bamboyu sankamaliza chiganizo osanena kuti "ndithu ndithu", moti ophunzira, anzake ngakhale mkazi wake ankangoti a Ndithu.

"Ndilankhula, koma ndili ndi ana kunyumba," anatero a Ndithu atatseka chitseko. "Zikadziwika kuti ndine, ndatha, ndithu ndithu."

"Achimwene, mtima m'malo. Palibe adzakudziweni. Ndalonjeza."

Pamenepo a Ndithu anaulula. Labotale yawo inali yokhoma chaka chonse chifukwa mipope ya gasi inawola, koma ophunzira ankapatsidwa malikisi ngati kuti ankalowamo.

Lipoti litalembedwa, wachiwiri kwa bwanayo, mayi amene anakalambira pa ntchito imeneyi, analowa mu ofesi yake.

"Bwana, dzina mwafufuta, koma munthuyo mwamusiya ali chiimire. Chotsani 'ndithu ndithu' uyu."

"Mayi, kukoma kwake kuli pomwepo."

"Kukoma kwa yani? Uyu ndi munthu, si nyimbo."

"Aphunzitsi ndi ambirimbiri, angamudziwe ndani? Inu mantha akukalambitsani."

Tsiku lopereka zotsatira holo inadzaza ndi akuluakulu a unduna, a mayunivesite ndi atolankhani. Bwanayo anaonetsa mawuwo pakhoma nawawerenga mokweza: "Ana athu amatenga digiri osagwirapo botolo la mu labotale, ndithu ndithu."

Kumbuyo kunaphulika phwete. Wina anakuwa kuti, "Ameneyo timadya naye!" Bwanayo anayesa akumuyamikira, ndipo anabwereza mawuwo mokometsera. Mkulu wa dipatimenti ya a Ndithu yekha sanaseke. Anatuluka foni ili kukhutu.

Posakhalitsa unduna unaimitsa digiri imeneyo. Ophunzira a chaka chomaliza, amene makolo awo anali atayamba kale kukonzekera chikondwerero, anauzidwa kuti adikire. Ndipo wina anawanong'oneza amene anawaulula.

Ophunzirawo anawapeza a Ndithu m'kalasi masanasana, choko chili m'manja. Anatseka chitseko.

"Nenanso! Nena ndithu ndithu timve!"

"Ana anga, ine ndimafuna kuti muphunzire zenizeni, ndi..."

Sanamalize. Anayamba kuwagenda ndi mabuku, kenako mipando. Mmodzi anathyola mwendo wa tebulo nawamenya nawo pakamwa. Anawaduduluza m'khonde mpaka pa labotale yokhoma ija, namenyetsa nkhope yawo pa loko.

"Tsegula, poti umaifuna!"

Alonda pofika anapeza mano pansi, magazi akutsika masitepe. Nsagwada inathyoka pawiri, lilime linaduka nsonga.

M'mawa mwake mchimwene wa a Ndithu, makaniko, anafika ku ofesi ya bungwe lija atavala ovolosi yamafuta, sipanala ili m'thumba.

"Alamu anga akuti ndinu munalonjeza."

"Khalani pansi, bambo. Ine dzina sindinatchule."

"Simunatchule? Nanga anamulota?"

Anamugwira tayi nammenyetsa chipumi pa desiki mpaka galasi la pamwamba linasweka. Bwanayo atagwa, anamuponda m'nthiti, kenako anakanikiza dzanja lake pansi ndi nsapato.

"Ndi ili munalembera?"

Sipanala inatsika. Zala zinalira ngati timitengo touma. Akanapha munthu pomwepo, koma mayi uja anadziponya pakati pawo.

"Bambo, lekani! Mukamangidwa, ana a mng'ono wanu awalera ndani?"

Anamangidwabe, pamodzi ndi ophunzira amene anatsogolera chipolowe, ndipo n'koyenera, pakuti chiweruzo sichili m'manja mwa munthu wokwiya. Kafukufuku anatsekedwa. Palibe wasayansi amene analolanso kufunsidwa ndi bungwe limenelo. A Ndithu sanabwererenso m'kalasi, popeza mphunzitsi amadyera pakamwa.

Bwanayo atatuluka m'chipatala anapita kwa a Ndithu, dzanja lili m'chikhakha. Mkazi wawo anamulowetsa pabalaza, koma mpando sanamupatse.

"Achimwene, ndinalakwa. Kodi mungandikhululukire?"

A Ndithu anatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya ndi malovu basi. Mkaziyo anawapukuta ndi kansalu.

"Chikwatirane, ndakhala ndikuwakalipira bambo awa kuti mawu amenewo amandisokosa," anatero mayiyo. "Lero ndimadzuka n'kutchera khutu kuti mwina ndiwamva kamodzi kokha. Inu munawakonda, munawatenga. Pitani nawoni."

Anatsegula chitseko naima pambali mpaka bwanayo anatuluka.

Phunziro: Munthu sadziwika ndi dzina lokha. Kalankhulidwe kake, kaseka kake, mawu amene amakonda, zonsezo ndi dzina. Inu amene mumafunsa anthu mafunso pa ntchito, mukalonjeza kubisa munthu, m'biseni yense, ndipo wamkulu akakuchenjezani, imvani. Inunso achinyamata, musamenye wonena zoona m'malo mokonza chimene chawola. Tumizirani uthengawu aliyense amene amasunga mawu a anzake, lisanafike tsiku lakuti banja lina lilire chifukwa cha kuwomba m'manja.