Inki ya a Malizani pa Ukwati wa Talandira

Panali munthu wina kumapiri a ku Ntchisi, dzina lake a Malizani. Amene anaona ndi maso akuti nkhaniyi inachitikadi. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, bambo ofatsa, ndipo anali ndi peni yothira inki imene anawasiyira malemu bambo awo. Peniyo sankabwereketsa munthu.

Mwana wa mlongo wawo, Talandira, atapeza banja, a Malizani anasankhidwa kukhala ankhoswe. Anati mtchatho wa ukwatiwo adzasaina ndi peni ya bambo awo basi. Koma china chinkawadetsa nkhawa. Mtchatho wa ukwati wawo womwe unanyowa kalekale denga litadontha, dzina lawo n'kusungunuka, kutsala banga labuluu.

"Wa mwanayu usadzatero," anauza akazi awo, a Lenia. "Ndikufuna inki yakuda yosachoka ndi madzi."

A Lenia anaseka. "Dzina lanu linachoka papepala, koma ine ndinachoka pakhomo pano?"

A Malizani anapita ku Mponela, m'masitolo anaisowa. Bambo wina wogulitsa zinthu patebulo m'mbali mwa msewu anawamva akufunsa, n'kuwakodola. Anatulutsa kabotolo kopanda dzina, naviika kamtengo ka machesi, n'kulemba pakatoni. Zitauma anathirapo madzi. Zilembo zinangoti bii, osasuntha.

"Iyi, bwana, anthu amalembera pamatumba. Mvula imachita kutopa yokha."

"Nanga m'peni ngati iyi imalowa?"

"Inki ndi inki, bwana."

Kunyumba a Lenia anatsegula kabotoloko n'kununkhiza. "Abambo, izi zikununkha ngati penti. Taonani kulimba kwake. Musathire m'peni ya malemu. Tayambani mwaimbira a Kalebe ku Dowa, paja anzanu aja ali ndi peni yotereyi."

"Peni iyi ndinayamba kuigwira ndisanakufunsireni, mayi. Ndifunsenso kwa Kalebe?"

A Lenia sanalimbane nawo. Anangowasitira malaya awo oyera n'kuwakoloweka.

Ukwati uli mawa, a Malizani anathira inki ija n'kuyesa papepala. Dzina linatuluka lakuda bii, lokongola. Anatseka peni, mtima uli m'malo.

M'mawa tchalitchi chinadzaza. Talandira anavala diresi loyera limene anamubwereka mnzake Mirriam, lomwe Mirriamyo anakwatiwa nalo, ndipo ankalisungira mng'ono wake. Malonjezo atatha, abusa anaitana ankhoswe kutebulo. A Malizani anatulutsa peni ija monyadira, naika nsonga papepala. Sinalembe. Inki inali itauma kunsongako. Anadinikiza, osatheka. Abusa anawapatsa bolopeni mwakachetechete, iwo anakana ndi dzanja. Kenaka anachita zimene tonsefe timachita peni ikakana: anaikutumula mwamphamvu.

Inki inathovoka. Madontho akuda anawazikira pa diresi la mkwatibwi, kuyambira m'chiuno kutsikira kumaondo.

Kwaya inadula nyimbo pakati. Talandira anayang'ana diresi la mwini wake, misozi ili lengelenge. Koma anangoti chapansipansi, "Sainani, atsibweni, anthu akudikira."

Anasaina ndi bolopeni ya abusa.

Amayi a Chigwirizano anapita naye mkwatibwi kuseri kwa tchalitchi. Anayesa madzi, anayesa sopo, wina anathamangira mandimu kunyumba ya abusa. Madontho aja ali pompo.

"Wogulitsayo ndiye sananame," anatero mayi wina amene anamva nkhani ya inkiyo kwa a Lenia, onse n'kuseka, ndi Talandira yemwe.

Pamenepo a Rakele, amene amasoka zovala pamsika, anatulutsa singano ndi ulusi m'kachikwama kawo. Anatuma mnzawo kukamasula maluwa oyera a nsalu amene anakongoletsera benchi yakutsogolo. Anagwada pafumbi ndi bulauzi yawo yoyera, n'kuyamba kusokera duwa pa dontho lililonse. Mkatimo woimbitsa kwaya anangoyambitsa nyimbo ina, itatha inanso, popanda womuuza. Mkwati, Gift, anapita kukakhala pafupi ndi a Malizani amene anali atazolika, nawagwira paphewa.

Mirriam atafika kuseriko, Talandira anayamba kupepesa. Iye anamugwira pakamwa. "Iwe, usawononge nkhope ndi misozi. Maluwawa asachoke. Mng'ono wanga ankadandaula kuti diresili lilibe zokometsera."

Mkwatibwi atatulukira, anthu analulutira. Ku perekaniperekani atsikana ankafunsana kuti diresi la maluwa otsetsereka chonchi alipeza kuti.

Peni ija a Malizani anakaisiya kwa a Kalebe. Anaiviika m'madzi, anaitsuka, koma sinalembenso. A Kalebe anati inki yosachoka ndi madzi yopangira peni zotere ilipo ndithu, botolo lake limanena, ndipo peniyo imafuna kutsukidwa pafupipafupi. "Mukanangondiimbira, achimwene, ndikanakugawirani yanga."

A Lenia sananenepo kuti "ndinakuuzani". Anakulunga peniyo m'kansalu n'kuiika m'kabati pamodzi ndi chithunzi cha apongozi awo. Koma kumkono kwa malaya oyera aja kunatsala kadontho kamodzi. Mpaka lero akamachapa amawaonetsa amuna awo, akumwetulira: "Abambo, yosachoka ndi madzi munkafuna ija si iyi?"

A Malizani amangoseka, n'kuvala malayawo Lamulungu.

Phunziro: Chinthu chikhoza kukhala chabwino koma chosayenera malo amene mukufuna kuchiika. Wogulitsa amayankha zimene mukufuna kumva, wakunyumba amakuuzani zimene wanunkhiza. Musanathire chachilendo m'chinthu chimene simungapezenso china, funsani, kufunsa sikuchotsa ulemu. Ndipo mnzanu akalakwitsa pagulu, khalani ngati a Rakele, tulutsani singano. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka amene asankhidwa unkhoswe chaka chino.