Tayala la kumchira

Evance anagwada pasimenti yozizira ya m'galaja, msana ukuwawabe ndi shifiti ya dzulo. Patsogolo pake panali mchira wa kandege kamene a Paterson, nkhalamba imene ankaisamalira ku Romford, kutsidya la nyanja, ankapanga okha mpaka pamene manja anayamba kuwanjenjemera. Chimene chinatsala ndi tayala la kumchira basi. Pambali panali matayala awiri, lopopa ndi lolimba.

"Ika lopopalo," anatero a Paterson ali pa wilitcheya. "Lolimbalo ndi la patala. Paudzu limagwedeza ndege ngati trole ya m'shopu."

Evance anamanga bawuti. Mwana wa a Paterson anali atamutuma kuti awauze bambo akewo kuti mawa akusamukira ku care home, kosungirako okalamba, ndipo nyumba ikugulitsidwa. Koma kwawo kwa Evance, nkhani yotere munthu wamkulu sumuponyera ngati mwala. Chiyambire m'mawa ankangoizungulira.

"Bambo, pali kankhani..."

"Sipuling'iyo usakoketse, tayala lizitha kukhota." A Paterson anatambasula dzanja, n'kutenga tayala lolimba lija, n'kulifungatira pamiyendo. "Ili undiikire m'sutikesi. Ndamva kuti kumene mukundipititsa mawa kulibe udzu."