Chala cha Nankhoma

Mwezi ukangokhala, makina oyeza magazi ankafika pakhomo lililonse n'kuitana mwini nyumba. Ankamubaya chala, ndipo akapeza kuti mafuta achuluka m'magazi, banjalo silinkalandira chiphaso chogulira nyama.

A Chikhwaza ankaikonda nkhumba yootcha, koma magazi awo ankawatsutsa. Ndiye dzina lawo likaitanidwa, ankakabisala kuseri kwa khola, mkazi wawo Nankhoma n'kupereka chala chake.

"Chala n'chala, mayi," ankatero pobwerako, uku akuseka.

A Chikhwaza anagwera kumunda mu Okutobala, khasu lili m'manja. Maliro anaikidwa, koma makinawo palibe anawauza. Nankhoma anapitiriza kupereka chala mwezi ndi mwezi, kuti angomvako mawu aja akuti, "A Chikhwaza, mtima wanu uli bwino."

M'mawa wina makina anachedwa kuyankha. Nankhoma anapukutira kadontho ka magazi pachitenje, akudikira.

"A Chikhwaza, mafuta achuluka. Mtima wanu uli pangozi. Akazi anu akuperekezeni kuchipatala lero lomwe."

Nankhoma anacheukira kuseri kwa khola, monga mwa masiku onse. Kenako anadzigwira pachifuwa.