Digiri ya anesi a ku Ndake

Mayi amene analowa m'shopu atatchula dzina la wophunzira, zala za Cosmas zinauma pamwamba pa kompyuta.

"Mwati ndani, amai?"

"Margarida Zuze. Nesi."

Cosmas anali ndi kashopu m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba, momwe anthu ankasindikiziramo mapepala ndi kufunsira ntchito pa intaneti. Dzuwa linali paliwombo, malata akuthetheka, koma iye anamva kuzizira kumsana. Anamuyang'anitsitsa mayiyo. Chipumi chomwecho cha Margarida, mpata wa mano womwewo. Koma uyu anali wachichepere, ndipo zala zake zinali zong'aluka, za munthu wotola thonje.

Margarida Zuze, Cosmas ankamudziwa bwino. Ndi nesi amene anapulumutsa mkazi wake pakiliniki ya ku Ndake, tsiku limene magazi anakana kuleka mwana atabadwa, mlatho utakokoloka, ambulansi itaima tsidya lina. Chaka chatha minibasi inagubuduzika m'mapiri a njira ya ku Lusaka. Nyimba yonse inamva kuti anesi a ku Ndake anali momwemo, anawanyamula ali chikomokere, ndipo anakatsirizikira kuchipatala ku Lusaka. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa Petauke, kumidzi ya anthu amene anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Cosmas sanapite kukalira nawo, ndipo zimenezi zinkamudya. Kangapo konse anacheuka pamsika ataona diresi loyera, mtima uli phaphapha, n'kupeza kuti ndi munthu wina.

"Mufuna chani maka-maka?" anafunsa.

"Sukulu ya digili ya unesi, yophunzila pa intaneti. Koma yotchipa, bambo. Thonje ya chaka chino siinabale."

Cosmas anatsegula masukulu atatu. Yoyamba inali yotsika mtengo mochititsa kaso, koma atafufuza anapeza kuti bungwe loyang'anira manesi silikuidziwa. Yachiwiri inali yakunja, yolipira ndi madola, ndipo dola linkakwera ngati madzi a Luangwa m'dzinja. Yachitatu inali ya m'dziko momwemo. Inkalola kulipira pang'onopang'ono, ndipo nesi wokhala kale ndi dipuloma ankamudulirako zaka.

Mayiyo sanafunsenso za mtengo. Anasendeza mpando, natsitsa mawu.

"Iyo yachitatu, afuna munthu azionekela kusukulu?"

"Iyai, zonse n'zapanyumba."

"Nanga mayeso okamba pakamwa aliko? Kuti aziphunzitsi amvele mau a munthu?"

Cosmas anawerenga. "Alemba kuti mayeso ni olemba chabe."

"Basi, ni yamene iyo," anatero mayiyo, nkhope ikumasuka koyamba chilowereni.

Sakufuna kuonedwa, sakufuna kumvedwa, anaganiza Cosmas. Cosmas anali atamvapo za anthu ogwira ntchito ndi mapepala a akufa, koma sanaganizepo kuti tsiku lina adzam'khalira pampando wake womwe.

Mayiyo anamasula chitenje n'kutulutsa envulopu: dipuloma, layisensi ya unesi, chitupa. Cosmas anaziika m'makina ojambulira mapepala. Nkhope ya pa layisensi inayamba kutsika pakompyuta pang'onopang'ono, kachipewa koyera, chipumi, kenako maso. Maso omwe aja amene anamuyang'ana pakhonde la kiliniki, mwini wake akupukuta manja, n'kumuuza kuti, "Lowani, bambo, onse awili ali moyo." Tsopano ankamuyang'ana ngati akumufunsa chimene akuchita ndi dzina lawo.

Anaganiza za mkazi wina, kumudzi wina, akutaya magazi m'manja mwa munthu wovala zoyera amene sanagwirepo jakisoni. Anaganizanso kuti iye ndi wosindikiza mapepala chabe, kuti za eni n'za eni. Chala chake chinafika pa batani lotumizira, n'kubwerera.

"Amai, inu sindinu a Margarida."

"Ine ndine Rhoda, mng'ono wao."

"Ndiye mvelani, a Rhoda. Akulu anu anagwila mkazi wanga imfa ili pakhomo. Mwana wanga aseŵela panja lelo chifukwa cha iwo. Njala ni njala, niidziŵa. Koma dzina yao simuzaidyela muno. Tengani mapepala. Lekani akufa agone."

Rhoda anakankhira mpando kumbuyo. Sanatenge mapepala aja. Anadzuka n'kutuluka, nsalu ya pakhomo n'kugwa pambuyo pake.

M'shopumo munatsala Cosmas ndi nkhope ija. Anafuna kuzimitsa kompyuta, koma dzanja linakana. Panja lole inadutsa, mashelefu n'kunjenjemera. Kenako anamva chitseko cha galimoto imene inkamudikira Rhoda chikutsegulidwa, mawu a Rhoda akupempha dalaivala kuti amuthandize, ndi kulira kwa chitsulo pamiyala, kukuyandikira pang'onopang'ono.

Nsalu ija inakankhidwa. Rhoda analowa chafutambuyo, akukoka njinga ya olumala, ndipo ataitembenuza Cosmas anagwira thebulo kuti asagwe. Chipsera chachikulu chinatsika kuchokera kukhutu mpaka pakhosi, koma maso anali omwe aja.

"Miyendo na mau vinatsala mu minibasi," anatero Rhoda. "Mutu na manja vilipo. Afuna akaziphunzitsa manesi polemba. Auzeni mweka kuti anafa."

Margarida anatambasula dzanja n'kumugwira Cosmas pamkono, zala ziwiri pamtsempha, akumuyang'ana ngati wodwala amene watsala pang'ono kukomoka. Dzanjalo linali lofunda.