Mfundo ya Nsapato

Chibangili cha boma chimene mwana aliyense amavala kufikira zaka zisanu chinali chikuwalabe mofiira pa dzanja la Mwatitha. Chikapanda kubiriwira pofika Lachisanu, malo ake kusukulu ya mkaka apita kwa mwana wina. Chinkabiriwira mwana akakhoza luso la sabata, ndipo luso la sabata imeneyo linali kumanga zingwe za nsapato.

Nangondo, mayi wake, mutu unaima. M'nyumba monse munalibe nsapato ya zingwe, moti anakabwereka imodzi kwa mlamu wake.

"Manga, mwanangu."

Mwatitha anamanga mfundo yoberekera mwana. Chibangili chinafiirabe. Anamanga ya mtolo wa nkhuni, kenako yomangira mbuzi pachikhomo, yolimba moti bambo ake anachita kumasula ndi mano. Chibangili osasintha.

"Bambo a Mwatitha, kodi chikufuna chiyani chinthuchi? Mwanayu mfundo akuzidziwa zitatu."

"Kaya, mwina nsapatoyo ndi yakumanzere," anayankha bamboyo akukanda m'mutu.

Lachinayi masana, mwanayo atatopa nazo, anangopinda zingwezo mwaulesi, kamfundo ka makutu awiri komasuka ukangokoka pang'ono. Pompo chibangili chinabiriwira, n'kuimba kanyimbo komuyamikira. Nangondo anakoka chingwe ndi zala ziwiri, mfundo n'kutheratu. Anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kuyang'ana kudenga.

M'mawa mwake Mwatitha anakamangirira mbuzi monga mwa masiku onse, koma ndi mfundo imene chibangili chinamuimbira nyimbo ija. Pofika masana, mbuzi inali m'dimba la anthu ena, ikumaliza mzere wachitatu wa mpiru.

Chibangili chinali chobiriwirabe.